Gwenembe Amagona M'hositelo

Kwa zaka zingapo ndidaphunzitsa Chichewa pa sukulu ina ya sekondale yogonera pomwepo m'chidikha cha Kasungu, kumene munthu ukaima pakhomo la kalasi nyengo yothyola fodya umangoona zigafa zili ndandanda mpaka polekezera maso. Dzina la sukuluyo sinditchula, pakuti zimene ndikufuna kukamba si za sukulu imodzi ayi, komanso mmodzi mwa olakwa m'nkhaniyi ndine ndemwe. Ndikufuna kuti inu okonda zolembedwa za m'Chichewa mundithandize kusinkhasinkha funso limene lakhala likundisowetsa tulo: n'chifukwa chiyani ophunzira athu sachedwa kuzindikira nkhanza zikakhala m'buku, koma akakumana nazo pamzere wolandirira nsima amazipatsa dzina lina?

Tsiku lina ndidawerenga ndi ophunzira a fomu 4 buku la John W. Gwengwe lotchedwa Sikusinja ndi Gwenembe. Nkhani imeneyi ambirife tidayamba kuimva pamoto tisadaione papepala. Anyamata awiri apachibale adapita kutali kukagwira ntchito. Pobwerera kumudzi, Gwenembe adapha Sikusinja chifukwa chosirira katundu wake, koma mbalame idamulondola n'kumaimba za imfayo mpaka anthu akumudzi adadziwa chimene chidachitika panjira. Titamaliza ndidawauza kuti alembe chimangirizo chofotokoza khalidwe la Gwenembe. Ambiri adalemba zimene ndinkayembekezera, zoti adali wadyera, wansanje ndi wouma mtima. Koma mnyamata mmodzi adalemba mfundo imene idandiimitsa cholembera. Iye adati kuipa kwa Gwenembe sikudayambe tsiku limene adakhetsa magazi. Kudayamba tsiku limene adayang'ana katundu wa mbale wake n'kumuona ngati wake. Ndidamupatsa malikisi oposa a wina aliyense ndipo chimangirizo chakecho ndidachiwerenga pamaso pa kalasi yonse.

Pasadathe mwezi kudabwera bambo wina pa njinga yakapalasa kudzatenga matiresi ndi chikwama cha mwana wake wa fomu 1. Bamboyo adali tenanti pa esiteti ina ya fodya, ndipo mwanayo adali woyamba m'banja mwawo kusankhidwa kupita ku sekondale. Adatiuza kuti mwana wathawira kunyumba ndipo wanenetsa kuti kuli bwino azisoka fodya kusiyana ndi kubwerera kusukulu. Titafufuza tidapeza kuti kuyambira sabata yoyamba mwanayo ankachapira zovala anyamata anayi a fomu 4, ankawatungira madzi osamba m'bandakucha, ndipo tsiku la nyama ankapereka nthuli yake asadailawe n'komwe. Chiponde ndi shuga zimene mayi ake adamupatsira zidatha usiku umodzi. Magetsi akazimitsidwa ankamuimiritsa pakati pa hositelo kuti aziyankhula mmene amayankhulira kwawo kummwera, anzake n'kumafa nalo phwete. Dzina lake lidaiwalika. Onse ankangomuitana kuti Phoso. Mtsogoleri wa zonsezi adali mlembi wanga uja wa chimangirizo chabwino.

Nditamuitana sadaoneke wamanyazi. Adaoneka wodabwa. Adandiyankha ndi ulemu wonse kuti, "Aphunzitsi, ifetu sitidamumenyeko ngakhale tsiku limodzi. Ndi mwambo chabe. Nafenso tidadutsa momwemo." Ndikhulupirira kuti sankanama. Mnyamatayu adamudziwa bwino Gwenembe kuposa anzake onse, koma sadaganizepo kuti iye ndi Gwenembe angamwe madzi a chitsime chimodzi. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga.

Tiyambe ndi mawu, pakuti ndi zida zathu ife alembi. M'sukulu zathu zogonera khalidweli limadziwika ndi liwu la Chingerezi loti teasing, limene kwa eni chiyankhulocho limatanthauza kusereulana kopepuka, kongosekerana. Liwu limeneli ndi bulangeti lofunditsa bala. Chichewa chili ndi liwu lake lolunjika, ndilo kupezerera. Munthu sapezerera mkango. Amapezerera amene akudziwa kuti sangabwezere. Dan Olweus, katswiri wa zamaganizo wobadwira ku Sweden amene adagwira ntchito zaka zambiri ku Bergen m'dziko la Norway, adayamba kufufuza za khalidweli m'zaka za m'ma 1970, ndipo adatchula zizindikiro zitatu zolizindikirira. Wochitayo amachita dala, amachita mobwerezabwereza, ndipo pakati pa awiriwo pamakhala kusiyana mphamvu kotero kuti wochitiridwayo sangathe kudziteteza. Onani kuti kumenya sikuli m'gulu la zizindikiro zofunikirazi. Zonse zitatu zili kale m'liwu lathu lija loti kupezerera, koma liwuli sindidalimvepo likutchulidwa pa msonkhano wa m'mawa wa ophunzira, ndipo ine mwini, mphunzitsi wa Chichewa, sindidalilembepo pa bolodi.

Ena amati zimenezi n'chimodzimodzi ndi nthabwala za pachisuweni. Koma pachisuweni aliyense ali ndi ufulu wobweza. Msuweni wako akakugemula lero, mawa umamugemula nawe, ndipo nonse mumaseka. Muyeso wake ndi womwewo: kodi wamng'onoyo angabweze? Kodi mwana wa fomu 1 angatume wa fomu 4 kukamutungira madzi? Ngati sangathe, pamenepo palibe nthabwala. Enanso amathamangira ku liwu loti mwambo, ngati kuti hositelo ndi tsimba kapena dambwe. Komatu kumwambo kuli namkungwi woyang'anira, kuli phungu woimira namwali, kuli mfumu yofunsa ngati china chalakwika, ndiponso kuli tsiku lotuluka pamene namwali amalandiridwa ndi nthungululu. Mwana wa fomu 1 alibe phungu. Tikafuna kupeza kumene mwambo wa m'hositelo udachokera tiyang'ane kutsidya kwa nyanja. Sukulu zogonera pamodzi ndi mapulifekiti ake tidazitengera kwa Angerezi, ndipo buku la Thomas Hughes la m'chaka cha 1857 lotchedwa Tom Brown's School Days, lonena za moyo wa pa sukulu ya Rugby, lidaonetsa kale mmene anyamata aakulu ankasandutsira aang'ono kukhala antchito awo. Zimene ana athu amati ndi mwambo wa makolo zidabwera pamodzi ndi tayi ndi belu.

Chachiwiri ndi malo amene ana amenewa akulira. Kasungu ndi dziko la fodya. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti adachuluka kwambiri m'chidikhachi, pamene alimi ang'onoang'ono a m'midzi sankaloledwa kulima fodya wa bale mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mabanja ambiri ochokera kummwera, kumene malo olima adachepa, ankabwera kudzalowa utenanti. Tenanti ankalandira phoso ndi zipangizo pangongole, n'kulima chaka chonse iye ndi mkazi wake ndi ana ake, ndipo pomaliza ankagulitsa fodya wake kwa mwini esiteti yekha, pamtengo woikidwa ndi mwini esiteti yemweyo. Akachotsera ngongole, ambiri ankatsala ndi zochepa zedi. M'chaka cha 2009 bungwe la Plan lidatulutsa lipoti lochokera pa zokambirana ndi ana 44 ogwira ntchito m'minda ya fodya m'maboma a Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba. Lipotilo lidati ana ena ankalowedwa ndi nikotini kudzera pakhungu wofanana ndi wa ndudu 50 patsiku, ndipo anawo adafotokozanso za kumenyedwa ndi kunyozedwa ndi owayang'anira. Utenanti udaletsedwa ndi lamulo m'chaka cha 2021 pamene Nyumba ya Malamulo idakonzanso lamulo la zantchito, koma zimene maso a mwana adaona lamulo silifufuta.

Mwana wokulira pa esiteti amaphunzira masamu ena asadalowe m'kalasi. Amaona bwana akukalipira kapitawo, kapitawo akukalipira bambo ake, bambo ake akukalipira iye, ndipo iye amaponya mwala galu. Amaona kuti amene wagwira sikelo ndiye mwini choonadi. Akafika ku sekondale amapeza makwerero omwewo: mphunzitsi wamkulu, mphunzitsi wa zogona, pulifekiti, fomu 4, ndipo pansi penipeni fomu 1. Palibe chomudabwitsa. Wopezereredwa amapirira podziwa kuti chaka chamawa kubwera ena oti adzamuchapire, monga mmene tenanti amapiririra poganiza kuti chaka chamawa ngongole idzatha. N'chifukwa chake dzina lija loti Phoso lidali lopweteka kuposa chibakera. Lidauza mwanayo kuti ngakhale wakhoza mayeso, pano adakali pa esiteti.

Vutoli si la ku Kasungu kokha. Lipoti la UNESCO la m'chaka cha 2019 lidaonetsa kuti pa dziko lonse ophunzira 32 mwa 100 alionse adali atapezereredwa ndi anzawo m'mwezi umodzi wokha, ndipo m'maiko a kummwera kwa chipululu cha Sahara chiwerengerocho chidali 48 mwa 100. Kafukufuku wa nkhanza zochitira ana amene adachitika m'dziko muno m'chaka cha 2013 adapeza kuti atsikana 2 mwa 5 ndi anyamata 2 mwa 3 adamenyedwapo kapena kuvulazidwa mwankhanza asadakwanitse zaka 18. Koma ziwerengero zotere zimadalira kuti wofunsidwayo azindikire chimene chidamuchitikira. Mwana amene adauzidwa kuti kuchapira wamkulu ndi mwambo angayankhe kuti palibe chimene chidamuchitikira.

Tsopano ndifike pa mabuku athu, pakuti ndi pamene ife tili ndi mbali. Ndikaunika nkhani zimene timawerengetsa ana, ndimapeza zinthu zitatu zimene zimathandiza Gwenembe wa m'hositelo kubisala.

Choyamba, nkhanza za m'nkhani zathu zimayezedwa ndi magazi. Woipa amapha, amalodza, amathira tameki m'chakudya, amathamangitsa mwana wamasiye pakati pa usiku. Pampondachimera pamayenera kugwa mtembo. Wowerenga wachinyamata amatuluka m'buku lotere ali woyera, chifukwa iye sadaphepo munthu. Nthuli ya nyama yolandidwa Lachitatu lililonse kwa miyezi itatu ilibe malo m'nkhani zathu, chonsecho ndi imene imachotsa mwana pasukulu.

Chachiwiri, maso a mlembi amakonda kutsatira wolakwa mpaka atalapa, n'kuiwala amene adalakwiridwa. Chitsanzo chachikulu ndi Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, limene lidasindikizidwa m'chaka cha 1933 litapambana mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi m'chaka cha 1934 pa dzina loti Man of Africa. Bukuli ndi mzati wa zolembedwa zathu ndipo mibadwo ya ophunzira yaliwerenga. Timamuona Nthondo ali mwana wovuta ndi wakuba, timapita naye kunja kukagwira ntchito, timabwerera naye kudzalowa ufumu, ndipo timakondwera atatembenuka mtima. Ulendo wonsewo tili pambuyo pa iye. Anthu amene adawabera ndi kuwavutitsa amangodutsa ngati mitengo ya m'mbali mwa msewu. Wophunzira wochenjera amatolapo phunziro limene Ntara sadafune kuphunzitsa, loti unyamata ndi nyengo yololedwa kupweteka ena, bola ukadzakula udzasinthe. Mlembi wanga uja adaimitsidwa sukulu masabata awiri, adabwerera, adakhoza mayeso, ndipo mwina lero ndi bambo waulemu wake. Nkhani yake idatha ngati ya Nthondo. Ya mwana uja idathera pachipata.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, woulula choonadi m'nkhani ya Sikusinja ndi mbalame. Panjira paja padalibe munthu woona, choncho nthano idabwereka mlomo wa cholengedwa chimene sichiopa kumenyedwa, sichigona chipinda chimodzi ndi wakupha, ndipo sichidikira kuti chaka chamawa chidzakhale fomu 2. M'hositelo muja munkagona anyamata oposa makumi anayi. Onse adaona, ambiri adaseka, ena adafunda kumutu. Palibe adaimba. Zolembedwa zathu zili ndi oipa ambiri ndi ozunzika ambiri, koma zikusowa mtengambali wachitatu, munthu wamba amene akuona choipa, mtima ukumugunda, n'kumayeza mtengo wa kuyankhula. Komatu ophunzira ambiri ali m'gulu limeneli. Sitidawapatse kalilole woti adzionerepo.

Pali nthano ina imene ndikuona kuti ikufika pafupi ndi moyo wa m'hositelo, ya mwana wamasiye ndi kapolo, imene Steve Chimombo adailembanso m'Chingerezi m'buku lake la m'chaka cha 2002 lotchedwa The Bird Boy's Song. Monga adandisimbira agogo anga, mwana wamasiye adanyamuka ndi kapolo kupita kwa abale ake. Panjira kapoloyo adamulanda zovala chimodzichimodzi, ndipo pofika kumudzi kuja kapolo adalandiridwa ngati mwana, mwana n'kutumizidwa kumunda kukaingitsa mbalame. M'nthanoyi mwanayo sadaphedwe. Adangolandidwa zovala, dzina ndi malo ake, pang'onopang'ono, ndipo adalibe womuuza koma kuimba yekha kumunda. Adapulumuka chifukwa munthu wina adaima n'kutchera khutu, kenaka akuluakulu adapita okha kukabisala kuti adzimvere. Ndikadakhala wanzeru ndikadawerengetsa ophunzira anga nthano imeneyi n'kuwafunsa kuti, pasukulu pano ndani akuimba kumunda?

Sindikuimba mlandu Gwengwe kapena Ntara. Iwo adalemba za nthawi yawo ndipo adalemba bwino. Mlandu uli pa kawerengedwe kathu. Tidazoloweretsa ana mafunso oti tchulani makhalidwe atatu a mtengambali wakuti, perekani umboni wochokera m'nkhani, fotokozani phunziro limene tikupezamo. Mafunso onsewa amatsekera nkhani m'kati mwa chikuto. Mwana amaloweza kuti nsanje ndi yoipa monga amalowezera kuti mtsinje wa Bua umathira m'nyanja ya Malawi, ndipo zonse ziwiri sizimukhudza pakhungu. Mlandu wina uli pa ife alembi a lero. M'nkhani zazifupi zimene ndawerenga m'nyuzipepala ndi m'mabuku a mipikisano, sukulu imatchulidwa kawirikawiri, koma imakhala bwalo la chikondi, mimba zosayembekezera ndi kubera mayeso. Pafupifupi tonsefe tidagonapo m'hositelo kapena m'tinyumba ta lendi pafupi ndi sukulu yoyendera, koma za usiku wa kumeneko timazikamba pamowa mosekerera, osati papepala. Za atsikana ndiye tidatsekeratu pakamwa, chonsecho kumeneko kupezerera kumayenda mwakachetechete: kusalidwa pa gulu, kunenedwa za thupi, kusekedwa chifukwa cha diresi lothimbirira nthawi yakumwezi, ndipo masiku ano kujambulidwa pafoni n'kumwazidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook.

Chifukwa chimene timasekerera ndikuchidziwa, pakuti ndili nacho. Ndili fomu 1 ndidachapa zovala za ena mpaka zala kusupuka. Ndili fomu 3 ndidatuma ena, ndipo ndidamva kukoma. Nditakhala mphunzitsi, usiku wina ndili pa ntchito yoyang'anira ndidadutsa kuseri kwa hositelo ija n'kumva phwete, ndi liwu limodzi laling'ono likuyankhula lokha pakati. Ndidamwetulira mumdima n'kunena mumtima kuti anyamata akulandira alendo. Ndidapitirira kukagona. Akulu adati mnzako akapsa ndevu mzimire, koma ine ndidaima patali n'kumaotha. Kulemba moona za hositelo kukufuna kuti mlembi avomere kuti adakhalapo mbali zonse zitatu, ndipo kuvomera kumeneko n'kowawa kuposa kupeka mfiti.

Malamulo alipo. Pali lamulo losamalira ndi kuteteza ana la m'chaka cha 2010, pali nambala yaulere ya 116 imene mwana angaimbe akakhala pamavuto, ndipo kuyambira m'chaka cha 2020 maiko amakumbukira Lachinayi loyamba la mwezi wa Novembala ngati tsiku lolimbana ndi nkhanza ndi kupezererana m'sukulu. Zonsezi n'zabwino, koma mwana saimba foni kukanena chinthu chimene sadziwa kuti n'cholakwika. Ntchito yopatsa chinthu dzina lake lenileni ndi ya mlembi ndi mphunzitsi wa chiyankhulo. Choncho pempho langa kwa anzanga olemba ndi ili: tilembe nkhani imene mulibe mtembo koma muli mbale ya nsima yopanda ndiwo. Tilembe nkhani imene wopezerera ndi mwana wanzeru, waulemu kwa aphunzitsi, woimba kwaya, kuti wowerenga asathe kumukankhira kutali. Tilembe za mnyamata wogona bedi lachitatu kuchokera pakhomo, amene wafunda kumutu koma sadagone. Ndipo tikafika kumapeto tisatumize mbalame. Kwa anzanga aphunzitsi, tikatha kufunsa makhalidwe a Gwenembe tiwonjezere funso limodzi losapatsa malikisi: kodi chinthu chomaliza chimene mudatenga kwa munthu amene sakadatha kukukanizani n'chiyani?

Bambo uja adamangirira matiresi pa kaliyala ndi malamba a chubu, chikwama n'kuchikoleka pa handulo. Tidamuuza kuti olakwa alangidwa ndipo mwana abwerere. Adavula chipewa, adawomba m'manja mwaulemu monga amachitira pamaso pa kapitawo, nati, "Zikomo aphunzitsi, ndikamuuza." Adakankha njinga yake mpaka kutuluka pachipata, pakuti adaona kuti n'kupanda ulemu kukwera ife tikuona. Mwanayo sadabwerere, ndipo chimangirizo chija ndidakali nacho m'kabati.